Tsiku Limene Ndinatsitsa Amalume mu Minibasi

Ndisananene kanthu, ndithokoze Mulungu amene anandisunga pa ntchito kuyambira ndili mtsikana mpaka mutu wachita imvi. Ndinagwira magazi a anthu osawerengeka, singano inandibayapo kawiri, koma lero ndili pakhonde pano ndikulemba ndi dzanja langa. Si kuchenjera kwanga, ndi chifundo chake. Ndithokozenso bambo anu, amene anapirira mkazi wobwera kunyumba akununkha sipiriti, ndi inu ana anga amene mwandiumiriza kuti ndilembe. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene agogo anu a ku Limbuli, amalume anga, ankanditchulira kuti wapolisi. Ndiyankha, koma mundilole ndiyambire kumbuyo pang'ono.

Chaka choyamba, kufupi ndi Nkando

Nditamaliza maphunziro a zoyezayeza ananditumiza ku kachipatala kena kufupi ndi Nkando. Labu yake inali chipinda chimodzi cha zenera limodzi. Magetsi kunalibe. Maikulosikopu yathu inali ndi kagalasi kotengera kuwala kwa dzuwa, moti kukachita mitambo kuchokera kuphiri, ntchito inkaima ndipo odwala ankakhala pabenchi kudikira kuti kuyere. Makina ozunguza magazi tinkapukusa ndi dzanja, ndipo mkono wanga wamanja unakula kuposa wamanzere.

Bwana wanga woyamba anali a Nyirongo, bambo wa kumpoto, wamtali, wosaseka wamba. Sabata yanga yachiwiri kunabwera mkulu wina woti ndimuyeze shuga. Ndinamufunsa ngati wadya, iye anati sanadye. Nditayeza ndinapeza shuga wokwera, ndipo ndinathamangira kwa a Nyirongo ndili wonyada kuti ndagwira matenda. Iwo sanayang'ane n'komwe pepala. Anatuluka n'kukakhala pabenchi pambali pa mkuluyo.

"Wawa, m'mawa uno simunaike kanthu m'kamwa?"

"Ayi bwana, sindinadye."

"Ngakhale tiyi?"

"Aa, tiyi ndiye ndamwa. Makapu awiri. Ndi chinangwa chowiritsa."

"Shuga masipuni angati?"

"Anayianayi basi. Koma kudya sindinadye."

A Nyirongo atabwerera mu labu anatseka chitseko nati, "Edina, magazi sanama, koma amayankha funso lokhalo limene wawafunsa, pa nthawi imene wawafunsa. Munthu umufunse wekha, umufunse kawiri, ndipo pa kabotolo kalikonse ulembe nthawi." Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala munthu wa mafunso. Odwala ena ankadandaula kuti mayi wa ku labu amafunsa ngati khoti. Zimenezo sizinkandipweteka.

Zaka za pakati

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi ndinasamukira ku chipatala chokulirapo, chimene ndinapumirapo ntchito. Dzina lake mukulidziwa. Kumeneko ndinaona matenda akusinthana ngati nyengo. Poyamba tsiku lonse linkathera pa malungo ndi makhololo a chifuwa chachikulu. Kenako kunabwera zaka zija tinkaika anzathu m'manda sabata ndi sabata, zimene ndalemba kale kwina. Zitayamba kuchepa zimenezo, pabenchi panayamba kudzaza anthu a msinkhu wanga, a kuthamanga kwa magazi ndi shuga.

Panalinso ena amene sankafika n'komwe pabenchi. Tinkangomva kuti uje wagwa m'munda wa tiyi, uje wagwa akukankha njinga pa chitunda. Kumudzi ankati pali dzanja la munthu, ndipo mabanja ankadana mpaka kalekale. Ena ankafika ali moyo, atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Ndinkawatenga magazi, n'kuyeza zonse zimene ndinali nazo, osapeza kanthu. Ndinkalemba kuti malungo palibe, magazi ndi okwanira, ndipo mawa lake ndinkamva kulira ku wodi. Chinthu chimenechi chinkandisowetsa mtendere. Malemba amatiphunzitsa kuti moyo wa cholengedwa uli m'magazi ake. Nanga bwanji magazi ankakhala chete pamene mtima, umene umawapopa usana ndi usiku, uli pa mavuto? Ndinkafunsa Ambuye m'pemphero langa la m'mawa, osati mokwiya ayi, koma ngati mwana wofuna kuona chimene chili m'thumba la bambo ake.

Chaka chimene bokosi linabwera

Nditatsala zaka zinayi kuti ndipume, kunabwera dokotala wachitsikana, a Kamwendo, wochepa thupi, woyenda mothamanga. Tsiku lina analowa mu labu atanyamula kabokosi n'kukaika patebulo pamaso pa ine ndi a Chikopa, amene anali mkulu wa labu ngakhale anali wamng'ono kwa ine. M'katimo munali tizipangizo tofanana ndi toyezera malungo, toti umadontheza magazi n'kudikira mizere.

"Amayi, funso lanu lija la mtima," anatero a dokotala, poti ndinali nditawatopetsa kale nalo. "Mtima umadya nawonso. Uli ndi timitsempha take tokha toubweretsera magazi. Timeneti tikayamba kuphimbika ndi mafuta, munthu amamva kupweteka akakwera chitunda, akapuma n'kusiya. Kamodzi kakatsekeka, mnofu wa mtima umayamba kufa, ndipo ukamafa umataya kanthu kake m'magazi, kotchedwa tiroponini. Aka kamagwira kanthu kameneko. Mzere umodzi, palibe. Mizere iwiri, mtima wavulala."

Ndinagwira kachipangizo kamodzi m'manja ngati chinthu chopatulika. Ndiye kuti magazi sankakhala chete ayi, ife ndi amene tinalibe khutu. Ndinafunsa ngati kanthuko kamaoneka pomwepo munthu akangomva ululu. Anati ayi, kamachedwa. Pamafunika maola angapo kuti kachuluke m'magazi, ndiye ukayeza msanga ukhoza kupeza mzere umodzi pamene mtima uli pamoto. Ndinalemba zimenezi m'kope langa ndi kuzitsekera mzere pansi.

Vuto linali lakuti bokosilo linali limodzi, mphatso yochokera kwa anthu ofuna kwabwino, ndipo panalibe wodziwa ngati lina lidzabwere. Akuluakulu anagwirizana kuti munthu mmodzi, kachipangizo kamodzi. Wofika msanga azidikira kaye maola ake asanayezedwe, kuti tisaononge. A Chikopa anatsekera bokosilo m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba la malaya. Lamulolo ndinalivomereza, ndipo ndinalisunga. Ndinakanizapo ngakhale mkazi wa mnzathu wa ku ofesi amene ankafuna kuyezedwa kachiwiri chifukwa cha mantha chabe.

Lachinayi lina, nyengo yokolola nandolo

Amalume anga anali mlongo wawo wa amayi anga, ndipo kwathu mukudziwa tanthauzo la zimenezo. Ndi iwo anandiperekeza kusukulu ya ukachenjede wanga, ndi iwo anakhala nkhoswe pa ukwati wanga ndi bambo anu. Akalankhula, mbumba yonse inkati zikomo. Anagwira ntchito ya upulambala, yokonza mapaipi a madzi, pa esiteti ya tiyi mpaka kupuma, ndipo analinso mkulu wa mpingo. Ine, mayi wa ana atatu, wovala khoti loyera, ndinkawapatsa moni nditagwada.

Pa nthawi ya nkhondo ya kutsidya kwa malire, amalume anasunga pakhomo pawo bambo wina wothawa ndi banja lake, a Jowakimu. Anakhala nawo zaka zambiri, akulima munda umodzi, mpaka anakhala ngati obadwa mimba imodzi. Ankaitanana kuti kompadire, mawu a kutsidya otanthauza bwenzi longa m'bale. Mtendere utabwera a Jowakimu anabwerera kwawo kutsidya, kuseri kwa tauni ya Milanje, koma asanapite awiriwa anapangana kuti amene adzatsale ndiye adzalankhule pamanda a mnzake. Lachitatu madzulo uthenga unafika kuti a Jowakimu atisiya, ndipo adzaikidwa Lachisanu masana.

Lachinayi m'mawa, 9 koloko isanakwane, ndinangoona amalume ali pakhomo pa labu ndi akazi awo, amake Rozina. Anali atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Nkhope inali yotuwa, koma mawu anali omwe aja.

"Iwe Edina, tachita changu. Amayi akowa andikokera kuno chifukwa cha chilungulira. Ndinadya nyemba za kalongonda zambiri dzana, basi. A dokotala ako andimata timawaya pachifuwa, pepala latuluka, akuti silikunena zomveka. Akuti uone magazi. Ndikufuna ndikawoloke malire pa Muloza dzuwa lisanapendeke."

Pa fomu a dokotala anali atalemba kuti ululu unayamba dzulo m'mawa, monga amalume anawauzira. Tsiku lathunthu linali litadutsa, ndiye panalibe chodikira. Ndinapempha kiyi kwa a Chikopa, ndinatenga magazi, ndinalemba nthawi pa kabotolo monga mwa masiku onse. Koma funso lija sindinafunse. Munthu wina aliyense ndikanamukhazika pansi: wayamba liti, mumatani, dzuwa linali pati? Koma awa anali amalume. Kuwafunsa kachiwiri chinthu chimene anena kale kukanakhala ngati kuwauza kuti akunama. Lilime langa linakana, ndipo mutu wanga unalivomereza. Mzere unatuluka umodzi. Ndinalemba kuti palibe, n'kusaina dzina langa. A dokotala anawapatsa mankhwala a chilungulira, nawauza kuti adzabwerenso sabata ya mawa. Amalume anandisisita paphewa nati, "Waona? Sukulu ija sinapite pachabe."

Patapita kanthawi amake Rozina anabwerera okha. Anali ataiwala kabuku ka kuchipatala patebulo langa, ndipo amalume anali atatsogola pa kabaza kukagwira malo mu minibasi pa Chitakale. Ndikuwapatsa kabukuko anapumira m'mwamba.

"Mulungu ngwabwino, mwana wanga. Mmene anagwera pa thumba paja ndinati basi, maliro akhala awiri."

"Thumba liti, amayi?"

"La chimanga, lopita kumaliro. Amati alikweze pa njinga, ndiye anangokhala pansi, thukuta ngati awathira madzi, dzanja lamanzere akuti lachita dzanzi."

"Dzulo limenelo?"

"Dzulo? Dzulo anakolola nandolo tsiku lonse akuimba nyimbo. Lero lomwe lino, belu la kusukulu litangolira."

Ndinayang'ana nthawi imene ndinalemba pa kabotolo. Kuchokera pa belu la sukulu mpaka pa singano yanga sipanadutse ngakhale maola awiri. Pepala limene linali m'thumba la jekete ya amalume, lokhala ndi dzina langa, linali lopanda ntchito, ndipo iwo anali pa ulendo wa minibasi, njinga, ndi mapazi, kupita kumudzi kumene kulibe ngakhale kachipatala.

A dokotala ndinawapeza m'khonde. Sanandikalipire, anangoti, "Abwere msanga, ndipo asayende pansi." Kenako ndinapita kwa a Chikopa, chifukwa kubweza munthu popanda choyezera kachiwiri kukanakhala kumuvutitsa chabe. Ndinawauza zonse, kuti ndalakwitsa ndine. Anatsegula kabati n'kundionetsa. Munatsala tinayi.

"Amayi, lamulo mumalidziwa. Munakaniza mkazi wa mnzathu pano, ine ndikuona. Mawa anthu adzati ku labu kuli lamulo la anthu wamba ndi lamulo la abale." Kenako anafunsa funso limene mpaka lero limandibwerera. "Akanakhala munthu wa ku Nkando amene simukumudziwa, mukanathamanga chonchi?"

Ndinafuna kunena kuti inde, koma ndinaopa Mulungu. Ndinati, "Sindikudziwa, bwana. Koma akanakhala wa ku Nkando ndikanamufunsa kawiri, ndipo sitikanafika pano. Mlandu ndi wanga. Mundilembe m'buku, mukandinenere kwa akuluakulu, koma kachipangizo kamodzi mundisungire."

Anatseka kabati. "Pitani mukawatenge. Zolembazo tidzalemba."

Pa Chitakale

Dalaivala wa chipatala anatitenga pa galimoto mwaliwiro, ine ndi amake Rozina. Tinapeza minibasi ya ku Muloza itatsala anthu awiri kuti idzaze, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho. Amalume anali pampando wa kutsogolo, chipewa chili pabondo. Ndinapita pazenera, ndipo poti sindikanatha kuwalankhula nditaimirira, ndinagwada pafumbi pomwepo ndi khoti langa loyera. Amayi ogulitsa mapeyala ndi nanazi anasiya malonda n'kutembenuka.

"Amalume, nditsikireni."

"Watani iwe? Dzuka, ukundichititsa manyazi."

"Magazi aja ndayeza msanga. Tiyenera kuyezanso masana."

Anatulutsa pepala m'thumba n'kuligwedeza. "Ili walemba ndani?"

"Ndalemba ndine. Ndalakwitsanso ndine."

Kondakitala analowerera. "Adokotala, ngati mukukwera kwerani, ngati mukupemphera tchalitchi chili uko. Madala awa ali bwinobwino, andikalipira kale kawiri."

Anthu anaseka, amalume nawonso anaseka, koma ndinaona dzanja lawo lamanja likusisita pachifuwa pansi pa jekete. Anati, "Edina, kompadire wanga wagona pa mphasa akundidikira. Ndinalonjeza pamaso pa Mulungu. Ukufuna anthu a kutsidya adzati Amalawi amalonjeza ndi pakamwa pokha?"

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinawayang'ana m'maso.

"Amalume, ndikufunsani ngati mkulu wa mpingo, pamaso pa Mulungu yemweyo. Ululu umenewu wayamba liti?"

Amalume anayang'ana akazi awo, amake Rozina anayang'ana pansi. Anali munthu woti akhoza kuzembetsa mawu kwa dokotala kuti asagonekedwe, koma kunama atatchulidwa dzina la Mulungu sakanatha.

"Lero," anatero motsitsa. "Koma wa pachitunda ndi wakale. Chaka chatha chonse."

Mayi wina wachikulire wa kumpando wa kumbuyo anati, "Bambo, tsikani. Mwana wagwada pafumbi uyu si wamisala. Malemuwo sathawa." Kondakitala, amene tsopano anali ndi mantha kuti munthu angamufere m'galimoto, anatsegula chitseko yekha. "Tsikani bwino, madala. Apolisi akugwirani." Dzina lija linayambira pamenepo.

Masana a tsiku lomwelo

A dokotala anawagoneka, anawapatsa asipirini kuti atafune, nati tidikire mpaka 2 koloko. Amalume anatembenukira kukhoma. Ine ndinabwerera ku labu kukayeza malungo a ana, koma maso anali pa wotchi. Ndikuuzeni zoona, ana anga: mtima wanga unagawanika. Mzere ukatuluka umodzi, ndiye kuti ndawachititsa manyazi pa siteji, ndawalepheretsa ulendo, ndaononga kachipangizo, zonse pachabe. Ikatuluka iwiri, ndiye kuti ndinali wolondola, koma amalume ali pangozi. Sindinadziwe chopempha. Ndinangoti, Ambuye, choona chioneke.

Tikudikira, a dokotala anati awaone mtima ndi makina ojambulira. Chipatala chathu chinali ndi makina amodzi okha, a ku chipinda cha amayi oyembekezera, koma a Kamwendo anali ataphunzira kuonera mtima pa makina omwewo. Anandiitana kuti ndidzaone, podziwa chidwi changa. Tinawakankha amalume pa njinga ya odwala kudutsa mzere wa amayi a mimba zawo, onse akuwayang'ana.

"Tsopano mwandibweretsa ku sikelo?" anatero amalume. "Mukapeza mapasa mundiuze msanga, ndikagule matewera."

Mayi wina pabenchi anayankha kuti, "Agogo, mwayamba mochedwa sikelo, anamwino akukalipirani." Chipinda chonse chinaseka, ndipo nkhope ya amalume inamasuka pang'ono.

A dokotala anawagoneka chammbali, anapaka mafuta ozizira pansi pa bere lamanzere, n'kukanikiza kamutu ka makina pakati pa nthiti. Poyamba pa sikirini panali ngati nkhungu ya m'phiri. Kenako nkhunguyo inatseguka, ndipo ndinaona chinthu chikufinya ndi kumasula, kufinya ndi kumasula. Zaka zonse zija ndinkagwira magazi, koma chitsime chake ndinali ndisanachionepo chikugwira ntchito. Munali zipinda zinayi, ndi timakomo topyapyala totseguka ndi kutsekeka ngati manja a munthu woomba m'manja mwaulemu. Palibe amene ankauza timakomoto kuti titseguke. Timakomoto tinayamba ntchito amalume ali m'mimba mwa agogo, ndipo sitinapumepo ngakhale tsiku la Sabata. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Tinaphunzira kuti munthu amaona nkhope koma Mulungu amaona mumtima, ndipo ndinadzimva ngati ndasuzumira pa zenera limene si langa. Komabe ndinadziwa kuti chimene ndikuona ndi nyumba chabe. Lonjezo lija la kwa a Jowakimu, limene linkawawawa kuposa ululu, silinaoneke pa sikirini.

"Taonani apa," anatero a dokotala, akuloza ndi chala. "Khoma ili likufinya mwamphamvu. Ilinso. Koma kachigawo aka kakungotsatira anzake, sikakugwira ntchito."

Amalume anadzutsa mutu. "Tembenuzani ndione." Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Ka ulesi kameneka n'kanga?"

"N'kanu, bambo. Si ulesi, ndi njala. Kamtsempha kobweretsa magazi pamenepa kaphimbika."

"Ndionetseni paipiyo."

"Makina awa saonetsa timitsemphato. Kuti tione pamene patsekeka pamafunika makina ena, othira mankhwala m'mitsempha n'kujambula, ndipo ali kutali ndi kuno. Ife tikuona malo amene magazi sakufika bwino."

Amalume anagonanso, akuyang'ana kudenga. "Ndamva. Pa esiteti, nyumba za kumunsi zikasowa madzi sindinkafukula paipi yonse. Ndinkaona nyumba imene yauma, n'kudziwa pamene matope atseka." Anapumira. "Zaka zonsezi ndikutsegula mapaipi a azungu, yanga ikudzaza matope."

2 koloko itakwana a Chikopa anabwera okha ndi kiyi, ndipo anaima pambali panga. Ndinatenganso magazi, ndinalemba nthawi ziwiri pa kabotolo, ya singano ndi ya belu la sukulu. Ndinadontheza. Mzere woyamba unabwera msanga. Tinadikira. Kenako pambali pake panayamba kuoneka kamthunzi kofiirira, kakukula pang'onopang'ono mpaka kanakhala mzere woti ngakhale wosaphunzira akhoza kuuona. A Chikopa anavula magalasi. "Pitani mukawauze a dokotala," anatero. Magazi ndi chithunzi zinali zitagwirizana, ngati mboni ziwiri zosadziwana.

Amalume anawabaya jekeseni yoletsa magazi kuundana, anawayambitsa mankhwala ena, ndipo anakonza zowatumiza ku Blantyre m'mawa mwake. Dzuwa likupendeka anandiitanitsa. Ndinagwada pambali pa bedi ndikuyembekeza mawu othokoza kapena okalipa. Sanandipatse onse awiri.

"Tenga cholembera. Wandimanga ndiwe, ndiye ukalankhula ndiwe."

"Amalume, ine mkazi, pamanda a eni ake? Chilomwe changanso ndi chothyokathyoka."

"Pa siteji sunaope. Lemba."

Ndinalemba kuseri kwa mafomu awiri a labu.

Lachisanu, kutsidya kwa Muloza

Ambulansi itanyamuka kupita ku Blantyre, ine ndinalowera kwina, ndi thumba lija la chimanga. Ndinafika adzukulu atamaliza kukumba. Nthawi ya mawu itakwana, mwana wamkulu wa a Jowakimu anafunsa kuti kompadire wa ku Malawi ali kuti. Ndinaimirira. Amuna ena anang'ung'udza. Ndinafotokoza kuti amalume agonekedwa, mtima wawo wavulala, ndipo anditumiza ndi mawu awo. Ndinawerenga m'Chilomwe changa chophunzira kwa agogo, ndikupunthwa. Mawuwo anali ofotokoza mmene a Jowakimu anafikira ku Limbuli ndi mwana kumsana ndi khasu lopanda mpini, mmene anakanira kudya mbewu ya chimanga chaka cha njala, ndi mmene ankaimbira molakwika nyimbo za kutchalitchi kwathu mokweza kuposa aliyense. Anthu anaseka akulira. Mawu omaliza anali akuti, "Kompadire, ndachedwa. Mwana wa mlongo wanga wandigwira pa msewu. Usandidikire pa chipata, lowa, ndikupeza." Mkazi wa malemu anadzandigwira manja onse awiri.

Zimene zinatsatira

Lolemba ndinaitanidwa kwa akuluakulu. Ndinalandira kalata yondichenjeza chifukwa chosafunsa wodwala, yokhayo pa zaka zanga zonse za ntchito, ndipo ndinaivomera. Ili m'sutikesi yobiriwira, mukadzaipeza musadzaitaye. Pa msonkhano womwewo a Chikopa ndi amene anapempha kuti fomu ikhale ndi malo olembapo nthawi imene ululu unayamba, ndi dzina la wachibale amene watsimikiza. Anapemphanso kuti dokotala akakayika, munthu aziyezedwa kawiri, kaya ndi wa ku Nkando kaya ndi malume wa munthu.

Funso lawo lija silinandisiye. Ndinabwerera m'kaundula kuyang'ana onse amene ndinawalembera mzere umodzi. Ambiri ndinawapeza ali bwino. Bambo mmodzi wa ku Thuchila sindinamupeze, ndipo sindikudziwa za iye mpaka lero. Ndimamutchula m'pemphero.

Amalume sanapite kukajambulitsa timitsempha tija. Anati aona zokwanira. Anakhala pa mankhwala, anasiya fodya ndi kunyamula matumba, ndipo Mulungu anawaonjezera zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chotsatira anawoloka okha kukaona chiliza cha a Jowakimu, nakhala pamenepo tsiku lonse. Sanandithokozepo ndi pakamwa. Koma mpaka pamene ndinapuma ntchito, Lachitatu lililonse loyamba la mwezi, akabwera kudzatenga mankhwala, ankaima pakhomo pa labu, kuvula chipewa, n'kunena mokweza kuti odwala onse amve: "Apolisi, ndabwera kudzaonekera. Funsani mafunso anu." Ndipo ndinkawafunsa, kawiri.

Tsopano, ana anga ndi adzukulu anga, ndi aliyense amene mapepala awa adzamufike m'manja: Mulungu amene anaumba timakomo ta mtima wanu, natiuza kuti tisagone, akusungeni pa kulowa ndi pa kutuluka. Akupatseni ulemu wogwada pamaso pa akulu anu, ndi chikondi chokwanira kuwafunsa funso lovuta mutagwada pomwepo. Mukalakwitsa, akupatseni miyendo yothamanga minibasi isananyamuke. Ndipo pa tsiku limene mtima wanu udzapume ntchito yake, akupezeni muli okonzeka, ndipo pasadzasowe wokulankhulirani. Mtendere wake ukhale nanu nonse. Ameni.